Tisanamange malo ena a masewera, tidziwe kusamala omwe alipo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya malo osangalalira ndi olimbitsirako thupi: maiwe osambiramo, mabwalo a mpira, malo osewerera ana, majimu ndi maholo omwe anthu amaphunziramo kuvina, karate ndi zina zotero. Dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri ndi loti malowa ndi ochepa. Ndi ochepadi. Koma chomwe sichikambidwa n'chakuti ochepa omwewo amawonongeka msanga, ndipo ena amasanduka msampha kwa ana omwe anawamangira. Kumanga kumatha pa miyezi ingapo, pomwe kusamala ndi ntchito ya m'mawa uliwonse, ndipo ntchitoyi ili ndi miyezo yake yomwe kholo, mphunzitsi, khansala kapena mwini malo angathe kuidziwa. Ndifuna nditchuleko ina, kuti popita ndi mwana kumalo otere munthu adziwe poyang'ana ndi chofunsa.

Ndiyambira kudziwe losambiramo, chifukwa kumeneko cholakwika chaching'ono chimatenga moyo. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosafika zaka 5. N'chifukwa chake dziwe lophunzitsiramo ana kusambira si chinthu chamatama. Koma likhale dziwe loyenera kulowamo. Muyezo woyamba sufuna chipangizo chilichonse. Imani m'mphepete, mbali yozama kwambiri, muyang'ane pansi. Ngati simukuona bwinobwino chivindikiro cha dzenje lokokera madzi, simungaonenso mwana atagona pansipo. Dziwe lotero litsekedwe mpaka madzi ayere, kaya anthu alipira kale kapena ayi.

Madzi akhozanso kuyera mbee koma ali odwalitsa, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali zinthu ziwiri zofunika kuyeza ndi kabokosi koyezera madzi: kuchuluka kwa klorini, ndi pH, yomwe imasonyeza ngati madzi apendekera ku asidi kapena ayi. Klorini wogwira ntchito azikhala pakati pa miligalamu 1 ndi 3 pa lita, ndipo pH izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.8. Ziwirizi zimayendera limodzi. Pa pH ya 7.5, pafupifupi theka la klorini ndi lomwe limakhala ndi mphamvu yeniyeni yopha tizilombo. Ikafika 8.0 limatsala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Ndiye wosamalira dziwe amene amangothira klorini osayeza pH akutaya ndalama m'madzi, tizilombo tili gwa. Koma pH ikatsikanso pansi pa 7.2 maso amalasa, makwerero achitsulo amachita dzimbiri, ndipo simenti ya pakati pa matailosi imayamba kudyeka. Dzuwa limatha klorini mofulumira, anthu ambiri amamuthanso, choncho kuyeza kamodzi m'mawa sikokwanira. Ayeze dziwe lisanatsegulidwe, ayezenso masana, ndipo tsiku lodzaza anthu aziyeza maola awiri aliwonse n'kulemba m'buku.

Anthu ambiri akamva fungo lamphamvu padziwe amati mankhwala achuluka, ena mpaka amakondwa kuti madzi ndi otetezeka. Kawirikawiri sizikhala choncho. Fungo lija limatuluka klorini akasakanizika ndi thukuta, mkodzo ndi mafuta odzola, ndipo ndi zomwezo zimafiiritsa maso ndi kutsokomoletsa ana. Njira yothetsera izi si kuchepetsa klorini. Aliyense azisamba kaye asanalowe, zimbudzi zizikhala pafupi komanso zogwira ntchito, ana aang'ono azitulutsidwa ola lililonse kupita kuchimbudzi, ndipo gawo lina la madzi lizisinthidwa ndi atsopano. Dziwe lomwe bafa lake ndi lokhoma kapena lopanda madzi lalephera kale, ngakhale penti yake ikhale yowala bwanji.

Mtima wa dziwe uli m'kachipinda komwe alendo salowamo, momwe muli pampu ndi sefa ya mchenga. Madzi onse ayenera kudutsa m'sefamo pa maola osapitirira 6, ndipo kadziwe ka ana aang'ono kamafuna kuzungulira msanga kuposa apo, poti madzi ndi ochepa koma litsiro ndi lambiri. Masamu ake ndi osavuta. Dziwe la mamita 25 m'litali, 10 m'lifupi, lozama pafupifupi mita 1.5, limasunga malita 375,000. Mukagawa ndi maola 6 mupeza kuti pampu iyenera kukankha malita 62,500 pa ola. Pampu yaing'ono kuposa apo singayeretse dziwelo ngakhale itamalira usana ndi usiku. Choipa china chofala ndi kuzimitsa pampu nthawi yaitali pofuna kupulumutsa magetsi. Nyengo yotentha madzi oima amagwira ndere pa masiku ochepa, ndipo mankhwala obwezeretsera madziwo amadya ndalama zoposa zomwe zinapulumutsidwa. Pasefa pamakhala kawotchi kosonyeza mphamvu ya madzi. Muvi wake ukakwera kupitirira pomwe umakhala sefa ili yoyera, ndiye kuti mchenga watsekeka ndi litsiro, ndipo ayenera kutembenuza madzi kuti ayende chobwerera n'kutaya litsirolo kunja. Kawotchiko kakafa n'kungosiyidwa, palibe amene amadziwa nthawi yotsuka.

M'kachipinda momwemo ndi momwe mumachitikira ngozi yomwe ikhoza kugwetsa anthu ambiri nthawi imodzi. Klorini ndi asidi wotsitsira pH zikakhudzana zimatulutsa mpweya wa poizoni. Zisasungidwe pa shelefu imodzi, zisatungidwe ndi chikho chimodzi, zisathiridwe m'dziwe nthawi imodzi kapena anthu ali m'madzi. Posungunula, mankhwala ndi omwe amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala. Chitseko chizikhala chokhoma, ndipo wogwira ntchitoyo apatsidwe magolovesi ndi magalasi oteteza maso.

Pali nkhani yomwe eni maiwe sakonda kuikamba: mwana akachitira chimbudzi m'madzi. Chikakhala cholimba, anthu onse atuluke, achichotse ndi neti, klorini akhale pa miligalamu 2 pa lita kwa mphindi pafupifupi 30 asanalolenso anthu. Chikakhala cha m'mimba motsegula, nkhani imasintha. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamapirira klorini wa masiku onse kwa sabata yathunthu kapena kuposa, ndipo pamafunika kukweza klorini mpaka miligalamu 20 pa lita kwa maola pafupifupi 13. Kunena kwina, dziwe litsekedwe mpaka mawa. Mwini malo amene amangovuula n'kuuza ana kuti bwererani wasankha ndalama za tsikulo m'malo mwa mimba za ana a eni. Makolo nawo asamabweretse mwana amene akutsegula m'mimba.

Chivindikiro cha dzenje la pansi chija chikasweka kapena kuchoka, pampu izimitsidwe pomwepo, chifukwa mphamvu yokoka madzi imagwira tsitsi, chovala kapena thupi la mwana moti wamkulu amalephera kumuzula. Kuzama kwa madzi kulembedwe m'mphepete ndi manambala akuluakulu, ndipo pomwe sipafika mita 1.5 kudumphira chamutu kuletsedwe ndithu, chifukwa n'kumene anthu amathyokera khosi. Mpanda uzungulire dziwe mbali zonse zinayi, ukhale wosachepera mamita 1.2, ndi geti lodzitseka lokha. Geti loimikidwa ndi mwala kuti lisamavute ogwira ntchito n'chimodzimodzi kukhala opanda mpanda.

Za wolondera osambira ndinene mosabisa. Munthu womira sakuwa ndipo satukula manja ngati m'mafilimu. Amaima chilili m'madzi, mutu uli chagada, kukamwa kukulowa ndi kutuluka, ndipo mphindi imodzi isanathe akhoza kukhala atapita pansi, anzake akusewera pambali pake. Wolondera ayenera kuyendetsa maso pa gawo lake lonse pa masekondi 10 ndi kutha kufika paliponse pa masekondi 20. Sangatero akugulitsa matikiti, akukolopa kapena ali pa foni. Maso amatopanso, choncho azisinthana malo pakatha mphindi 20 kapena 30. Mphunzitsi wosambira amene ali m'madzi ndi kalasi yake sawerengedwa ngati wolondera, chifukwa akagwira mwana mmodzi ena onse ali kumbuyo kwake.

Kumalo osewerera ana, ambiri amavulala pogwa, ndiye choyamba kuyang'ana ndi pansi pogwerapo, osati katungwe kapena chokwera. Simenti, phula ndi dothi logangatika sizoyenera pansi pa chinthu chilichonse chokwera. Kapinga amanyenga: mwezi woyamba amaoneka wofewa, kenako amaperepeseka n'kusiya nthaka youma gwa. Pamafunika mchenga kapena tizibenthu ta mitengo tokuya masentimita 30, tofika mamita 1.8 kuzungulira chipangizo chonse. Katungwe amafuna malo ambiri. Kutsogolo ndi kumbuyo kukhale kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtanda wake, moti mtanda ukakhala pa mamita 2.5 pafunika mamita 5 kutsogolo ndi 5 kumbuyo opanda mtengo, mpanda kapena njira yodutsa anthu. Mapazi a ana amakumba chidzenje pansi pa katungwe ndi pothera chotsetserekerapo, malo enieni ogwerapo, ndipo mchenga ukapanda kubwezedwa ndi leki sabata iliyonse, simenti yozikira mapolo imatulukira poyera.

Kenako tengani tepi muyeze mipata ya pakati pa zitsulo zotchingira ndi ya makwerero. Mpata uliwonse wa pakati pa masentimita 9 ndi 23 ndi woopsa, chifukwa thupi la mwana wamng'ono limadutsa koma mutu umatsalira, n'kulendewera pakhosi. Mpata ukhale wochepera 9 kapena woposa 23. Zingwe zomwe anthu amamangirira pa zipangizo, ndi zovala za zingwe m'khosi, nazo zimanyonga ana zikakodwa pa bawuti. Bawuti isatulukire kupitirira mizere iwiri kuchoka pa nati. Ngowe zogwira tcheni cha katungwe zikhale zotsekeka moti ndalama yachitsulo singadutse, ndipo mphete yapamwamba penipeni, yomwe imakhuzika tsiku lonse, iziyang'aniridwa, poti imadyeka n'kupyapyala pomwe tcheni chonse chikuoneka chatsopano. Mapolo amtengo amawolera polekezera dothi; bayani ndi msomali waukulu, ukalowa mosavuta polo latha. Mapaipi achitsulo osatsekedwa pamwamba amamwa mvula n'kuchita dzimbiri kuyambira m'kati, penti ili bwinobwino kunja. Chotsetserekerapo chachitsulo chokhala padzuwa chimawotcha ntchafu za mwana, choncho chiikidwe pamthunzi, ndipo kholo liyambe lachikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Matayala akale abooledwe pansi kuti asasunge madzi oswera udzudzu. Ana osafika zaka 5 akhale ndi mbali yawoyawo, chifukwa wa zaka 10 akamathamanga saona wa zaka zitatu.

Pabwalo la mpira wamiyendo choopsa kwambiri ndi golo losazikika. Golo la akuluakulu ndi la mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika, ndipo likapangidwa ndi mapaipi olemera kulemera kwake kwakukulu kumakhala kutsogolo. Mwana akalendewera pa mtanda limagwa chakutsogolo n'kumuphwanya mutu kapena chifuwa. Golo losunthika lizikhomeredwa pansi ndi zikhomo kapena kutsendereza kumbuyo ndi zolemera, ndipo masewera akatha magolo awiri amangidwe pamodzi ndi tcheni moyang'anizana. Polemba mizere asagwiritse ntchito laimu womangira nyumba, yemwe amawotcha khungu ndi maso, kapena oyilo wakutha wa galimoto, yemwe amapha nthaka. Penti wosungunula ndi madzi ndi wokwanira.

Kapinga amafa ndi zinthu zitatu: madzi odikha, kumeta mopitirira ndi kupondedwa malo amodzi. Bwalo lizipendekeka pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo ngalande za m'mbali zizikumbulidwa mvula isanayambe. Pometa asachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu. Matimu asamachitire zokonzekera zawo zonse pagolo. Azisunthira m'mbali ndi chopingasa, pagolo pazipuma. Kusewera bwalo litanyowa chipwirikiti kumatsendera dothi moti mizu imasowa mpweya, ndipo masewera amodzi otero amawononga ntchito ya miyezi. Malo otsenderekawo abayidwe ndi foloko ya kudimba masentimita 10 mpaka 15, n'kuthiramo mchenga. Omanga bwalo latsopano aliyang'anitse kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa la madzulo lisamathobwe wotchinga pagolo.

Pomwe malo ndi ochepa, bwalo limodzi la simenti likhoza kugwira masewera atatu. La ntchemberembaye ndi la mamita 30.5 ndi 15.25, ndipo m'kati mwake mumakwana la basketball la 28 ndi 15 komanso la volleyball la 18 ndi 9, bola mizere ikhale ya mitundu yosiyana. Omanga ambiri amathira simenti yongokwana mizere n'kuiwala kuti wosewera wothamanga saima pamzere. Malamulo a ntchemberembaye amafuna mamita 3.05 opanda kanthu kuzungulira bwalo. Mchenga ndi masamba zizisesedwa chifukwa zimaterera, ndipo mng'alu uzimatidwa udzu usanamere.

Za majimu sindichulutsa. WHO imalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata ndi zolimbitsa minofu masiku awiri, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 patsiku. Zonsezi sizilira makina amagetsi. Malo ambiri amathamangira kugula makina othamangirapo, omwe amafa koyamba ndipo zipangizo zake zimavuta kupeza, m'malo mwa zitsulo zonyamula, mabenchi, zingwe zodumphira ndi mphasa zomwe zimakhala zaka zambiri. Makina othamangirapo akakhalapo, kumbuyo kwake kukhale mamita 2 opanda khoma, kuti woterereka asapanikizike lamba akuzungulirabe, ndipo kachingwe kozimitsira kazikolekedwa pa chovala. Waya wa makina okoka akangoyamba kutuluka timinga, makinawo aimitsidwe tsiku lomwelo. Wobwera kumene aonetsedwe kanyamulidwe asanasiyidwe yekha, ndipo wa vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi dokotala. M'maholo ovinira ndi a karate, kudumpha pa simenti yopanda kanthu kumapweteka miyendo ndi mawondo, ndipo mphasa zosalumikizana bwino zimathyola zala zakumapazi. Khomo lothawira ngozi lisakhomedwe anthu ali m'kati.

Maphunziro ndiwo amapatsa malo moyo, koma kalasi si gulu la ana ndi wamkulu wa wezulo. Pa kusambira, WHO imalimbikitsa kuphunzitsa ana kuyambira zaka 6 luso loyamba la m'madzi. Luso loyambalo si kuthamanga. Mwana adziwe kuyandama chagada, kutembenuka kuti apume, kufika m'mphepete ndi kutuluka yekha, komanso kuti mnzake akamamira amuponyere chingwe kapena kumupatsa ndodo, osadumphiramo. Kwa oyamba kumene, ine ndimaona kuti ana oposa 6 kwa mphunzitsi mmodzi ndi ambiri, ndipo mphindi 30 n'zokwana, chifukwa mwana wozizidwa saphunzira. Zopopa zovala m'mikono ndi zoseweretsa chabe. Zimaphwa, zimavuka, ndipo zimagonetsa tulo makolo. Pa kalasi iliyonse, ya m'madzi kapena ya pamtunda, ana awerengedwe polowa ndi potuluka, pakhale akuluakulu awiri, makolo aloledwe kuonerera, ndipo wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chosinthira zovala. Mphunzitsi amene amakwiya akafunsidwa satifiketi kapena komwe anagwirako ntchito wayankha kale funsolo.

Pali malamulo ena ochepa omwe sayenera kudikira komiti. Bingu likangomveka, onse atuluke m'madzi ndi pabwalo, alowe m'nyumba osati pansi pa mtengo, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Kukatentha, osewera azipuma ndi kumwa madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Wosewera akagunda mutu n'kuchita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale iye ndi kochi wake achonderere. Nthawi iliyonse yomwe malo ali otsegula pakhale munthu wodziwa kutsitsimutsa amene wasiya kupuma: kusindikiza pachifuwa maulendo 30, kupumira m'kamwa kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi. Kwa wovuulidwa m'madzi mpweya ndi wofunika kwambiri, choncho amayamba ndi kumupumira. Bokosi la chithandizo choyamba lomwe kiyi wake wapita ndi bwana kunyumba silithandiza aliyense.

Malo opanda ndandanda amalandidwa ndi amphamvu. Anyamata akuluakulu amafika n'kutenga bwalo mpaka mdima, ndipo atsikana, ana, okalamba ndi anthu aulumali amangoonerera. Ndandanda ikhomedwe pageti, gulu lililonse likhale ndi maola ake, ndipo pakhale munthu woitsatira. Njira ya njinga ya olumala isatsetsereke kuposa mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, ndipo khomo likhale pafupifupi masentimita 90. Nyale zowala panjira ndi kuzimbudzi n'zomwe zimachititsa kuti amayi obwera poweruka kuntchito apitirize kubwera.

Zonsezi zimafuna ndalama zochepa koma zosadukiza, ndipo apa ndi pomwe makhonsolo, masukulu ndi eni malo amagwera. Ndalama za pageti zimalowa m'thumba lalikulu, ndipo wosamalira akapempha klorini kapena bawuti amauzidwa kuti adikire mwezi wamawa. Gawo la ndalamazo lizipatulidwa kukhala la chisamaliro chokha, ndipo opereka thandizo lomangira azifunsa amene adzalipire magetsi, mankhwala ndi malipiro zaka zotsatira asanapereke. Pamalo pazikhala buku lolembamo tsiku, chomwe chayezedwa, chomwe chapezeka chowonongeka, amene wauzidwa ndi tsiku lomwe chakonzedwa. Kuyendera kwa maso kuzichitika m'mawa uliwonse, kugwedeza ndi kumanga mabawuti mwezi uliwonse, ndipo kamodzi pachaka pabwere munthu wakunja wodziwa ntchitoyi, amene saopa kukhumudwitsa bwana. Chipangizo chowonongeka chichotsedwe kapena chimangidwe moti sichingagwiritsidwe ntchito, chifukwa pepala loti "musakwere" mwana wa zaka zinayi saliwerenga. Atolankhani anu akapita kumalo otere, apemphe kuona bukulo ndipo atiuze tsiku lomwe munalembedwa komaliza.

Ine wanu,
Mlangizi wa zamasewera